Zaka 50 za Kungoni, Sukulu ya Miyambo ya ku Mua

Woyenda pa msewu wa M5 kuchokera ku Salima kulowera ku Balaka, akangopitirira pa Mtakataka amapeza kamsewu kokhotera kudzanja lamanja, koloza kumapiri a Dedza. Kamsewuko n'kakafupi. Kamakathera pa Mishoni ya Mua, m'dera la Inkosi Kachindamoto, pomwe mtsinje wa Nadzipokwe umatsetsereka m'miyala kuchoka kuphiri kutsikira kuchigwa cha kunyanja. Pamalopo pali tchalitchi, chipatala, sukulu ya ana osamva ndi nyumba yakale ya ansembe ya makhonde aatali. Palinso bungwe limene lamveketsa dzina la Mua mpaka kutsidya kwa nyanja, la Kungoni Centre of Culture and Art, limene anthu a konko amangoti Kungoni. Linakhazikitsidwa mu 1976, choncho 2026 ndi chaka cha 50 chiyambire ntchito yake.

Alendo ambiri amapadziwa ngati pogula ziboliboli. Zibolibolizo zilipodi, zokongola, koma chimene chagwiriziza bungweli zaka zonsezi ndi funso limene kholo lililonse limadzifunsa: kodi mwana amatenga bwanji khalidwe la kwawo, nanga chimachitika n'chiyani anthu amene ankamuphunzitsa khalidwelo akayamba kuchepa kapena kunyozedwa?

Amishoni asanafike, midzi ya kuno inali kale ndi maphunziro ake, ngakhale kunalibe belu kapena bolodi. Mwana ankayamba kuphunzira ali kumbuyo kwa mayi ake, akumva kugunda kwa musi ndi nyimbo za pamtondo. Akayamba kuyenda ankatumidwa kukapala moto kwa anansi. Akapereka chinthu ali chiimire, kapena kulandira ndi dzanja limodzi, wamkulu aliyense amene waona, kaya ndi azakhali kaya ndi munthu wongodutsa, ankamubweza kuti ayambirenso. Madzulo ana ankasonkhana kukuka kwa agogo. Agogo akati "Padangokhala," ana onse ankavomera "Tilitonse," kenaka Kalulu, Fisi ndi Kamba n'kumaonetsa kumene umbombo, ulesi ndi matama zimakamutula munthu. Kukolola kukatha kunali masanje: timisasa ta mapesi, timiphika tobenthuka m'kamwa, wina bambo, wina mayi, wina fisi wodzaba ndiwo. Panalibe ankati awa ndi maphunziro, komatu mtsikana ankachoka kumasanje akudziwa kuvundula nsima ndi kugawa chakudya mosakondera, mnyamata akudziwa kuzika mzati ndi kufolera denga.

Malangizo olemera ankadza ndi msinkhu. Mtsikana akakula ankalowa m'tsimba, m'manja mwa anamkungwi, phungu wake ali pambali kumuyang'anira ndi kumukumbutsa. Kumeneko mwambo unkaperekedwa m'nyimbo, m'magule ndi m'zifanizo zoumba ndi dothi: kulemekeza akulu, kusalowa kuchipinda kwa makolo, kudzisamalira m'thupi, kudziwa nthawi yosathira mchere m'ndiwo poopa mdulo. Mnyamata ankapita kudambwe, n'kubwerako atamva mwambo, akudziwa kupirira ndi kusunga chinsinsi. Ndipo sukulu imeneyi inalibe tsiku lotsekera. Mayi wa mimba yoyamba ankalangizidwa pa chisamba. Olowa m'banja ankakhazikidwa pamphasa ndi ankhoswe. Ngakhale munthu wa imvi, akamalowa ufumu, ankabindikiritsidwa m'nyumba n'kuuzidwa mmene mfumu imakhalira ndi anthu ake. Kwa Ayao kunali jando ndi nsondo. Kwa Angoni mnyamata ankakhwimira kubusa ndi pakhomo pa khola la ng'ombe, pomwe amuna ankakambira milandu iye akumvetsera.

Ansembe a chipani cha Missionaries of Africa, odziwika kuti White Fathers, anayamba afika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma zinthu zitawakanika anachokako mu 1891. Atabweranso mu 1902, Mua inali imodzi mwa mishoni zawo zoyamba. Anadza ndi sukulu yawoyawo, ya sileti ndi katekisimu, ndipo sipanatenge nthawi kuti zioneke kuti sukuluyo ndi dambwe zikulimbirana mwana mmodzi yemweyo. M'zaka za m'ma 1920 mkangano unafika poipa. Ansembe ankadandaula kuboma la atsamunda kuti gule wamkulu akutha ana m'sukulu, ndipo ankafuna kuti aletsedwe. Eni mizinda nawo ankaona kuti mwana wopita kwa ansembe watayika, sadzaika maliro a makolo ake mwa mwambo. Mkhristu wopezeka kubwalo ankamuimitsa masakramenti. Katswiri wa mbiri yakale Ian Linden anatulutsa buku mu 1974 lofotokoza kulimbana kumeneku pakati pa Akatolika ndi Achewa, ndipo nkhani za ku Mua zili mbali yaikulu ya bukulo.

Gule anayankha m'njira yakeyake. Pabwalo panatulukira Simoni wa nkhope yofiira psuu, panatulukira Maliya ndi Yosefe, maina otengedwa m'tchalitchi momwemo. Anthu ankafa nazo nseko, koma posekapo ankaphunzira kumuyesa mlendo amene wabwera ndi mphamvu pakati pawo.

Mpingo unakulabe. M'dera lomweli munachokera Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe wa Chikatolika mu 1937, yemwenso anadzakhala episkopi woyamba wa Chimalawi, ku Dedza. Koma akhristu ambiri ankakhala mitima iwiri. Lamulungu m'mawa ali ku Misa, mwana wawo akatha msinkhu akumutumiza mobisa kwa anamkungwi, chifukwa katekisimu sankanena kanthu za mmene namwali angakhalire ndi apongozi ake. Kholo silinkafuna kuti mwana wake azitchedwa wosamva mwambo, ndipo silinkafunanso kudulidwa mu mpingo.

Mphepo inatembenukira ku Roma. Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unalola kuti mapemphero azichitika m'zilankhulo za anthu ndiponso kuti zabwino za m'miyambo yawo zilandiridwe. Mu 1969 Papa Paulo VI, ali ku Kampala, anauza Aafirika kuti ali ndi ufulu ndi udindo wokhala ndi Chikhristu cha nkhope yawo. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1967, m'dziko muno munafika wansembe wachinyamata wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, amene analinso ndi luso lojambula. Anaphunzira Chichewa mpaka kuchilankhula ndi miyambi yomwe. Anayamba kupezeka pamaliro, pa chinamwali ndi pabwalo la gule, atanyamula kope ndi kamera, akufunsa akuluakulu tanthauzo la nyimbo iliyonse ndi chilombo chilichonse. Anthu anawapatsa chiwongo cha Chisale, ndipo ambiri m'midzi ya ku Dedza ndi Ntcheu amangowadziwa kuti Achisale.

Apa ndiye pali chiyambi chenicheni cha Kungoni. Mpingo umene unabwera kudzaphunzitsa unavomera kukhala pansi n'kuphunzitsidwa, pamalo pomwe unalimbana kwambiri ndi eni mwambo.

Achisale atakhazikitsa Kungoni, ntchito inayamba ndi osema ochepa. Cholinga choyamba chinali chooneka ndi maso: matchalitchi a m'Malawi anali odzaza ndi zifanizo zoitanitsa ku Ulaya, ndipo Achisale ankafuna kuti mkhristu wa ku Golomoti akalowa m'tchalitchi aziona nkhope zonga za kwawo. Osemawo anayamba kutulutsa Mariya wovala chitenje atabereka mwana kumbuyo, atumwi atakhala mozungulira chakudya monga amakhalira amuna a kumudzi, mitanda, maguwa, zitseko ndi mabokosi osungira Ukaristia zokhala ndi zizindikiro zotengedwa m'nthano ndi m'miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Anasemanso moyo wa tsiku ndi tsiku: amayi pamtondo, asodzi m'bwato, mlandu pabwalo la mfumu. Ntchito zawo zinafalikira m'matchalitchi ambiri m'dziko muno, ndipo zina zinawoloka nyanja. Kachisi wa bungwe la Missio mumzinda wa Munich ku Germany anakongoletsedwa ndi manja a osema a ku Mua.

Kaphunziridwe ka luso limeneli n'kofunika kukaonetsetsa, chifukwa ndi komwe kaja ka kumudzi. Mnyamata wongofika sapatsidwa chipika cha m'bawa tsiku loyamba. Amayamba ndi kusesa zipalapala, kunola zida ndi kukwecha ndi sandipepala chimene wina wasema. Pokwechapo zala zake zimaphunzira mmene tsaya limatsikira, mmene chitenje chimapindikira pachiuno. Amakhala pambali pa mmisiri, akuona mmene amagwirira kasemasema ndi mmene amatsatira mitsempha ya mtengo kuti usang'ambike. Akapatsidwa tchizulo n'kulakwitsa, mmisiri amangomulanda, n'kugogoda kawiri katatu, n'kumubwezera. Ndipo kuti aseme namkungwi akulangiza namwali, ayenera adziwe kuti namwaliyo amakhala motani, maso amayang'ana kuti, manja amaika pati. Wosadziwa amabwerera kwa agogo ake kukafunsa. Motero anyamata amene anabwera kudzafuna ndalama ya sopo anapezeka akuphunzira mwambo umene mwina akanaulambalala.

Masiku oyambawo sanali ophweka. Ndalama zinali zochepa, ndipo ogula zosema m'dziko losauka sachuluka. Koma chovuta koposa chinali kukayikiridwa mbali zonse ziwiri. Akhristu ena, amene anakula akuuzidwa kuti ng'oma ya gule ndi ya Satana, sankamvetsa kuti wansembe akukafunanji kudambwe. Eni mizinda nawo anali ndi chifukwa chomveka chokayikira: mishoni yomweyi ndi imene inkawanenera kuboma makolo awo, nanga lero ikufuniranji zinsinsi zawo? Chikhulupiriro chotere sichibwera ndi kalata. Chinabwera pang'onopang'ono, ndi zaka zambiri zopezeka pamaliro a anthu, kudya nawo, ndi kusunga pakamwa pa zimene Achisale anauzidwa kuti asaulule.

Zimene zinasonkhanitsidwa m'zaka zimenezo zinafuna nyumba. Pamene Mua inkakonzekera chikondwerero cha zaka 100 cha mu 2002, Kungoni inatsegula nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare, dzina limene anthu a ku Mua ankaitanira Bambo Jean-Baptiste Champmartin, wansembe wa ku France amene anatumikira pamalopo zaka zambiri. Kunja kwake makoma ndi ojambulidwa mbiri ya dziko lino, kuyambira nthano za chiyambi cha anthu, kubwera kwa mitundu yosiyanasiyana, malonda a akapolo, mpaka kufika kwa amishoni. M'kati muli zipinda zitatu. Choyamba chimafotokoza mbiri ya Mua ndi kukumana kwa Chikhristu ndi miyambo ya kuno. Chachitatu ndi cha Angoni ndi Ayao, cha zishango ndi mikondo, zovala za ngoma, za jando ndi za Chisilamu.

Chipinda chachiwiri, cha Achewa, ndi chimene mlendo saiwala. Muli nkhope za gule wamkulu zoposa 400, zambiri zitapachikidwa pa chimtengo chimene chaima pakati pa chipindacho mpaka kudenga, zofiira, zakuda, zachikasu, za nthenga, za mano otuluka. Pansi pali zilombo zikuluzikulu zolukidwa ndi udzu ndi makoko a chimanga, pakati pawo Kasiyamaliro, mayi wa zonse, amene amaperekeza womwalira. Pali Chadzunda, tate wa bwalo, wa nkhope yakuda ya makwinya ndi kayendedwe ka nkhalamba. M'makoma muli zithunzi zotsata moyo wa Mchewa kuchokera kuchikuta mpaka kumanda. Woperekeza alendo akayamba kufotokoza, munthu amazindikira kuti chilombo chilichonse chili ndi phunziro lake: china chikudzudzula mkamwini waulesi, china mwamuna wachimasomaso, china mfumu yokondera, china munthu woumira chakudya. Zambiri zimaphunzitsa poonetsa khalidwe loipalo poyera kuti anthu aliseke ndi kulida. Ndipo gule sanaime pa zakale. Pali zilombo za galimoto ndi ndege, pali za Edzi, pali za andale. Chimene chavuta mudzi chaka chino chikhoza kutulukira pabwalo chaka chamawa.

Nyumba imeneyi ili ndi funso lake lovuta, ndipo n'kulakwa kulibisa. Kwa eni ake, gule ndi mizimu ya makolo yobwera kudzacheza ndi amoyo, ndipo wosameta sayenera kudziwa zoposa pamenepo. Nanga chilombo chikapachikidwa pakhoma, popanda mbalule, popanda amayi oyimba ndi kuomba m'manja, popanda fumbi la pabwalo, chikadali chilombo? Alipo Achewa amene mpaka lero sasangalala nazo, ndipo maganizo awo ndi oyenera kuwalemekeza. Chimene chingayankhidwe n'chakuti Kungoni imafotokoza tanthauzo ndi malangizo, zinthu zimene gule mwini amazionetsa pabwalo anthu onse akuona. Palinso china: nkhope ya gule imafumbwa, udzu umaola, zilombo zina zimatenthedwa mwambo ukatha, ndipo mkulu wodziwa nyimbo yake akamwalira zonse zimapita naye. Zilombo zambiri zimene zili ku Chamare sizionekanso m'mabwalo. Pakanapanda nyumbayi, mdzukulu wa amene anazipanga sakanadziwa n'komwe kuti zinaliko. Komabe nyumba yosungira zinthu singalowe m'malo mwa namkungwi, ndipo Kungoni ikadzayamba kudziona ngati mwini mwambo idzakhala itasochera.

Dziko lapansi linadzavomereza zimene ku Mua ankanena kale. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kukhala chimodzi mwa chuma chapamwamba cha chikhalidwe cha anthu onse. Mu 2006 zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, m'boma lomweli la Dedza, zimene zina mwa izo n'zokhudza chinamwali ndi nyau, zinalowa m'kaundula wa malo otetezedwa a dziko lonse. Mu 2012 Kungoni inatulutsa buku la Achisale lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance, lofotokoza zilombo za gule, nyimbo zake ndi matanthauzo ake, zipatso za kafukufuku wa zaka zoposa 40. Zolemba, zithunzi ndi makanema zimene zinatsala zimasungidwa ku nthambi yofufuza ya Kafukufuku, kumene ophunzira a m'mayunivesite a kuno ndi a kunja amabwera kudzawerenga.

Pa zaka 50 zimenezi, mudzi umene Kungoni inaupeza wasintha kwambiri. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, mwana amatha nthawi yaitali ndi aphunzitsi kuposa ndi agogo ake. Zinamwali zambiri zinafupikitsidwa n'kusunthidwira kutchuthi. Mipingo inayambitsa chilangizo chakechake, alangizi a mu mpingo n'kutenga mbali ya ntchito ya anamkungwi. Madzulo, m'malo mwa nthano, ana amaunjikana pa foni imodzi kapena kukanema wa pamsika. Ndipo si mwambo uliwonse umene uyenera kuliridwa. M'dera lomweli, Inkosi Theresa Kachindamoto anatchuka dziko lonse pothetsa maukwati a ana mazanamazana, kubwezera atsikana kusukulu ndi kuletsa kusasa fumbi, ndipo anachita zimenezi ndi mphamvu ya ufumu, imene nayonso ndi ya mwambo. Malamulo a dziko anatsatira: mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Gule wothamangitsa ana a sukulu kapena wolanda anthu panjira amadzudzulidwa ndi mafumu a Achewa eni ake. Kusefa kotereku kumafuna munthu wodziwa chimene mwambo unkafuna kuphunzitsa poyamba, kuti potaya choipa asataye ndi chabwino chomwe. Phindu lalikulu la Kungoni lili pamenepa.

Bungweli ndi la chipani cha Missionaries of Africa, ndipo limagwira ntchito pa malo a parishi ya Mua mu dayosizi ya Dedza. Pamwamba pali mkulu woyendetsa, ndipo pansi pake ntchito inagawidwa m'nthambi. Kuli osema ndi ojambula, amene ambiri amachokera m'midzi yozungulira ndipo amagulitsa ntchito zawo kudzera m'nyumba yoonetsera zaluso. Kuli osamalira nyumba ya Chamare ndi operekeza alendo. Kuli a ku Kafukufuku, kuli gulu la magule, kulinso ogwira ntchito ku Namalikhate, malo ogona alendo a m'mbali mwa mtsinje, amene ndalama zake zimathandiza kuyendetsa zina zonse. Kuzungulira nyumbazi kuli munda wa mitengo ndi maluwa achilengedwe.

Nthambi imene siitchuka kwenikweni, koma yogwirizana kwambiri ndi cholinga choyamba, ndi ya maphunziro a chikhalidwe. Ansembe ndi masisitere ongofika kumene, ogwira ntchito m'mabungwe othandiza anthu, ophunzira za unsembe ndi magulu ena amabwera kudzakhala masiku angapo akuphunzira mbiri ya mitundu ya kuno, chipembedzo cha makolo ndi magawo a moyo wa munthu. Mlendo amene wadutsa pamenepa amamvetsa chifukwa chake msonkhano wa chitukuko umalephereka m'mudzi mukagwa maliro, chifukwa chake mwa Achewa nkhani ya mwana imafuna atsibweni ake, ndi chifukwa chake sayamba kulankhula za ntchito asanapereke moni kwa mfumu. Chochititsa chidwi n'chakuti masiku ano ofuna maphunziro oterewa si azungu okha. Mabasi a ana a sukulu ochokera ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kwina amaima pa Mua, ndipo ambiri mwa anawo amakhala akuona Kasiyamaliro koyamba, ena akumva koyamba kuti chiwongo chawo chili ndi mbiri.

Chaka chilichonse m'mwezi wa Ogasiti Kungoni imachititsa chikondwerero cha chikhalidwe. Pamakhala Misa ya ng'oma, zovala ndi zizindikiro za kuno, kenaka bwalo limatsegukira magule a Achewa, Angoni, Ayao ndi mitundu ina, mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo zosiyana atakhala pamodzi. Ovina ambiri ndi achinyamata ndi ana, amene amakhala ataphunzira masitepe ndi nyimbo kwa akuluakulu a m'midzi yawo kwa masabata angapo chisanafike chikondwererocho.

Zimene bungweli likulimbana nazo tsopano n'zooneka. Mitengo yosemera monga mlombwa, m'bawa ndi phingo ikusowa, pamene nkhalango ya Mua-Livulezi ikuvutika ndi makala ndi nkhuni, choncho nkhani yosamala chilengedwe yalowa m'maphunziro, m'zosema ndi m'magule a pamalopo. Akuluakulu amene anapereka nzeru zawo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ambiri anatsikira kulichete, ndipo zimene ananena ziyenera kusamutsidwira pa kompyuta mapepala ndi matepi zisanawonongeke. Mbali ina ya kafukufuku wa gule inaikidwa kale pa intaneti. Ndalama zimadalira alendo, amene amachepa chuma chikavuta. Pamwamba pa zonsezi pali ntchito yokonzekeretsa mbadwo watsopano wa osema, operekeza alendo, ovina ndi ofufuza a Chimalawi, oti ayendetse Kungoni m'zaka zikubwerazi, ndi kupitiriza kulandira magulu a sukulu, a mipingo ndi a mabungwe amene amafika pa Mua chaka chonse.